Marjory Abweza ba Mutale Pakhomo

MUNTHU WA CHISANU NDI CHIMODZI

1. Gulu la Lachinayi

Ba Hosea Nkhwazi a m'komboni ya George ankadwala matenda atatu nthawi imodzi. Anali ndi shuga, anali ndi BP, ndiponso ankamwa ma ARV. Kale ankanyamula matumba a feteleza ku mafakitale a ku Heavy Industrial Area, koma thupi litakana anawauza kuti akapume. Bambo awo anachokera ku Ntcheu, ku Malawi, kudzafuna ntchito, koma iwo anabadwira m'komboni momwemo.

Akazi awo atamwalira anatsala ndi mwana mmodzi, Marjory, mtsikana wa zaka 16 amene anali mu Giredi 11. Shuga inali itawononga maso a ba Hosea moti sankatha kuwerenga. Foni ya pakhomo, khadi la kukiliniki ndi mabotolo a mankhwala, zonse ankasunga ndi Marjory.

Poyamba kupita kuchipatala kunali chilango. Lolemba mzere wa shuga, Lachitatu mzere wa BP, tsiku lina mzere wa ma ARV. Dokotala aliyense ankalemba mankhwala ake osadziwa zimene mnzake walemba. Kenako kiliniki ya m'komboni inasintha kachitidwe. Odwala matenda angapo ankabwera tsiku limodzi, Lachinayi, m'chipinda chimodzi, ndi fayelo imodzi.

M'chipindamo munkakhala anthu asanu. Ba Nigel ndi amene ankapima odwala ndi kulemba mankhwala. Sista Kasonde ankaona mapazi ndi zilonda. Panali bambo wopereka mankhwala ndi mayi wolangiza za zakudya. Wachisanu anali ba Mutale, mayi wamfupi wonyamula chikwama chobiriwira, amene ankayendera odwala m'makomo Lachitatu lililonse.

Tsiku loyamba, Sista Kasonde anakhazika Marjory pampando nati:

"Iwe Marjory, nimvele bwino. Ise tili faivi muno, koma ba tate bako tibaona kamodzi pa mwezi. Ba Mutale babaona kamodzi pa wiki. Iwe ubaona tsiku lililonse, so ndiwe wa sikisi mu gulu lino. Shuga yapha mitsempha ya kumapazi kwawo. Bangaponde msomali, sibazamvela. Bangapse na khala la pambaula, sibazamvela. Tsiku lililonse uzibatsuka mapazi, upukute pakati pa vala, uyang'ane na pansi pomwe. Ukaona kachilonda, olo kang'ono bwanji, usayembekezele Chinayi, tuma foni. Mankhwala tibapatsa ya mwezi umodzi chabe cifukwa tikali kuyang'ana impso zawo. Ise sitikhala kunyumba kwanu. Vamene uzatiuza ndiye vamene tizakhulupilila, ndiye vamene ba Nigel bazalemba. Ukatinamiza, sunamize ise. Wanamiza thupi la ba tate bako."

Marjory anavomera. Kwa miyezi inayi anachita zonse mokhulupirika. Shuga inatsika, mutu unasiya kuwawa, ndipo ba Hosea anayambiranso kukhala panja n'kumamvetsera mpira pa wailesi.

2. Alendo a Lachitatu

M'kalasi mwa Marjory munali atsikana awiri amene aliyense ankafuna kuyenda nawo, Karen ndi Exildah. Karen ankakhala ku Kabanana m'nyumba ya mpanda wa njerwa. Zaka ziwiri zonse sanamulankhulepo Marjory. Koma mayeso a samu atayandikira anakumbuka kuti mtsikana wa ku George uja ndiye amakhoza.

"Tizabwela kwanu lelo utiphunzise," anatero Karen. "Kwanu ni pafupi na sukulu."

Linali Lachitatu. Marjory anadziwa bwino tanthauzo la tsikulo, koma sanakane.

Akudutsa pa msika anaona ba Mutale akutuluka m'nyumba ina, chikwama chili paphewa. Karen anagwira Exildah pamkono.

"Waona ba kachikwama baja? Nyumba yamene bangena, ziba chabe kuti muli wa ma ARV. Abale bayambe kufuna bokosi."

"Ine mu nyumba ya so olo madzi siningamwe," anatero Exildah.

Onse anaseka. Marjory anaseka kuposa anzakewo.

Atatsala pang'ono kufika, anawauza kuti adikire pa mpopi kuti akayambe wasesa. Anathamanga n'kupeza bambo ake atakhala pakhomo, wailesi ili pamwendo. Anawalanda wailesiyo.

"Ba tate, ngenani kuchipinda. Nili na alendo. Musakhosomole, musaniitane, musatuluke mpaka bapite."

"Nanga ndalakwa chiyani, mwana wanga? Alendo sindingawapatse moni?"

"Mununkha mankhwala. Ngenani!"

Ba Hosea anadzuka pang'onopang'ono, akupapasa khoma. Marjory anakoka chitseko cha kuchipinda, n'kusonkhanitsa mabotolo onse kuwaponya m'ndowa ya zovala.

Anakatenga anzake aja, ndipo anali atangomaliza funso lachitatu la samu pamene kunamveka mawu panja.

"Odi kuno! Ba Nkhwazi!"

Karen anasuzumira pawindo, kenako anayang'ana Marjory, pakamwa pali yasa.

"Iwe! Babwela pa nyumba panu?"

3. Bodza

Marjory anatuluka n'kutseka chitseko kumbuyo kwake. Anayankhula mokweza kuti anzake amve.

"Mufuna ndani?"

Ba Mutale anadabwa. "Marjory, lelo sunganipatse na moni? Nabwela kuona ba tate. Chinayi cha wiki ya mawa ndiye tsiku lawo."

"Kulibe. Banayenda ku Malawi, ku Ntcheu kwa abale awo. Sibazabwelanso."

"Ku Malawi? Liti? Wiki yatha sibanakambe chilichonse."

"Pa Sande. Banabwela kubatenga."

Ba Mutale anatsitsa chikwama pansi. Anamuyang'ana mtsikanayo nthawi yaitali, kenako anayankhula motsitsa mawu.

"Mwana wanga, munthu monga ba tate bako samayenda chabe monga ayenda ku msika. Afunika kalata yochokela kuli ba Nigel, kuti kwamene bayenda baziwe matenda yonse yatatu. Bakafika kuja bazakamba shuga chabe, kapena BP chabe, babapatse mankhwala yamene impso zawo sizifuna. Yamene bali nayo yazasila pa masiku khumi. BP siimvela chisoni, ikakwela ipinda munthu mbali imodzi. Ma ARV ukaleka, kachilombo kauka na ukali. Nipatse nambala ya abale awo, olo dzina la mudzi, tibatumile kalata."

"Nilibe nambala. Ndipo musamabwele pano, muchititsa manyazi. Anthu baona monga muno muli odwala."

Ba Mutale analemba kanthu m'buku lawo, ananyamula chikwama n'kumapita.

Marjory atalowa, Karen anafunsa kuti mayiwo amafuna chiyani.

"Banasokoneza nyumba. Bafuna mdala wina wamene anali kukhala pano kudala."

Anzake atapita, anatsegula kuchipinda. Bambo ake anali atakhala pabedi, manja ali pamaondo. Marjory anawabwezera wailesi yawo.

Bodza lija linafuna lina loliteteza. Lachinayi litakwana, ba Hosea anavala jekete lawo m'mawa.

"Vulani," anatero Marjory. "Batuma meseji ati tsiku basintha. Bazatiuza."

Sista Kasonde anaimba foni katatu. Marjory anatsekereza nambalayo kuti isamalowenso. Poopa kuti ba Mutale angadutse n'kuwaona atakhala panja, anayamba kutseka chitseko ndi loko akamapita kusukulu. Ankawasiyira chakudya m'mbale, madzi m'botolo ndi ndowa pakona.

"M'komboni mwachuluka akawalala," anawauza.

"Chabwino, mwana wanga," anayankha ba Hosea.

4. Chilonda

Mankhwala a BP ndiwo anayamba kutha, kenako a shuga, kenako ma ARV. Marjory sakanatha kupita kukiliniki kukatenga ena, chifukwa akanamufunsa kuti akutengera ndani. Anadziuza kuti mayeso akatha akonza zonse.

Mapazi anali atasiya kuwatsuka. Tsiku lina akusesa anaona madontho a magazi pa simenti, kuchokera kuchipinda mpaka pandowa. Anatembenuza phazi la bambo ake n'kupeza kachidutswa ka botolo katalowa pansi pa chala chachikulu. Iwo sankadziwa n'komwe. Anakazula, anathirapo madzi amchere n'kumanga ndi chigamba cha chitenje.

"Pali chiyani?" anafunsa ba Hosea.

"Kulibe. Ni dothi chabe."

Patapita masiku asanu phazi linatupa. Patapita asanu ndi atatu m'nyumba munayamba fungo. Ba Hosea ankamwa madzi osakhuta, ankatuluka thukuta, ndipo usana wonse ankangogona.

"Marjory, kodi ku kiliniki sananenebe tsiku? Thupi silili bwino."

"Nakuuzani kuti bazatuma meseji! Mufuna nichite bwanji? Anzanga bali na ma tate bamene bayenda kunchito. Ine nili na imwe na ndowa yanu."

Ba Hosea anatembenukira kukhoma.

Loweruka linali tsiku lokumbukira kubadwa kwa Karen, ndipo kwa nthawi yoyamba Marjory anaitanidwa ku Kabanana. M'mawa bambo ake sanadye. Ankayankhula zosamveka, akuitana dzina la malemu akazi awo. Marjory anaima pakhomo la kuchipinda atavala diresi yake yabwino.  Kenako anapopera pafyumu m'chipindamo, anaika botolo la madzi pafupi ndi bedi, anatuluka n'kukhoma loko.

Ku Kabanana kunali nyimbo, keke ndi nkhuku yowotcha. Karen anamutchula kuti "ticha wathu wa samu", anthu n'kuwomba m'manja. Marjory anavina mpaka mapazi kuwawa.

Anatsika minibasi cha m'ma 4 koloko masana. Ali patali anaona anthu atadzaza pakhomo pawo. Chitseko chinali chitagwetsedwa, loko ikulendewerabe pa chitsulo chake.

"Ndiye uyu!" anakuwa mayi wina woyandikana nawo. "Ise tinali kuganiza mdala anayenda. Kansi wamukhomela monga galu!"

"Onani diresi! Achoka ku pate!"

Wina anamuponyera chitsononkho cha chimanga. Wina anamulavulira pamapazi. Mayi uja anamuuza kuti azakhali ake a Marjory, ba Ida a ku Marapodi, anabwera kudzasiya ufa, ndipo atamva kubuula mkati anaitana amuna kuti athyole chitseko. Ba Hosea anawatengera kukiliniki pa wilibala.

5. Kukiliniki

Ngakhale linali Loweruka, Sista Kasonde anali pantchito, ndipo atangoona wodwalayo anaimbira anzake. Marjory pofika anapeza ba Nigel akuika dilipi, Sista akudula chigamba chija ndi sizasi, ba Mutale atagwira mutu wa bambo ake. Bambo wa mankhwala anali ataima ndi fayelo yotsegula.

Chigamba chitachoka, ba Ida anakuwa. Zala ziwiri zinali zitada bii, ndipo kufiira kunali kutakwera kupitirira kakolo.

Ba Ida atacheuka n'kuona Marjory, anamumenya mbama imene inamveka mpaka pabenchi panja. Sista anawagwira dzanja, koma pakamwa sanathe kuwatseka.

"Iwe mwana, ukumudziwa munthu wagona apayu? Amayi ako atamwalira, ine ndinati ndikutenge ukakhale kwanga, iye anakana. Anati mwana wanga sagona pakhomo pa wina ine ndili moyo. Ankanyamula matumba msana ukuwawa kuti iwe uvale yunifomu. Ankayenda wapansi kuchoka ku mafakitale mpaka kuno kuti ndalama ya minibasi ikugulire mabuku. Matendawa sanawagule pamsika, ndipo sanawabise kwa iwe, anakukhulupirira. Lero wamutsekera m'nyumba ndi ndowa, iwe uli kovina. Anzako ukuwasangalatsawo ali kuti pano? Alipo amene wakankha wilibala? Manyazi amene umathawa aja ndi ang'ono. Amene wadzitengera lerowa udzayenda nawo m'komboni muno mpaka udzakalambe. Ndipo usadzanditchulenso kuti azakhali."

Marjory anangoti zyoli. Misozi inagwera pa diresi.

Ba Nigel anakhala patebulo n'kuyamba kulemba kalata yotumiza wodwala kuchipatala chachikulu. Sanakweze mawu.

"Marjory, shuga yakwela kupitilila pamene makina yathu yapima. BP nayo ili pamwamba. Kuja bazafuna kubachita opaleshoni, kapena ni vala chabe, kapena ni phazi lonse, siniziba. Nifunika kulemba zoona. Mankhwala banamwa liti komaliza?"

Ba Ida anali ataima pambali pake, akupuma mwaukali. Anthu ena ankasuzumira pawindo.

"Dzana," anatero Marjory.

"Yonse yatatu?"

"Ee."

"Tinabapatsa ya mwezi umodzi chabe," anatero bambo wa mankhwala.

"Yanatsalako ya kudala."

"Na chilonda chinayamba liti?"

"Masiku yatatu yapita."

Sista Kasonde anakweza maso kuchoka paphazi lija n'kumuyang'ana. Ba Nigel analemba zonse, kuwonjezera zimene anaona ndi maso awo, anapinda kalata n'kuiika mu envulopu.

Zoona zinali zakuti ba Hosea anali atatha milungu iwiri osamwa piritsi ngakhale limodzi, ndipo chilonda chinali ndi masiku khumi ndi limodzi.

6. Ambulansi

Dilipi itatsika theka, ba Hosea anatsegula maso. Anazindikira mawu a ba Mutale n'kuwapatsa moni mwaulemu ngati ali pakhomo pawo.

"Ba Nkhwazi," anatero ba Mutale, "ine mtima sunakhale pansi. Ninabwelako kawiri masana, ninapeza loko. Ninagogoda pawindo la kuchipinda, ninaitana dzina lanu. Simunamvele?"

"Ndinamva."

"Nanga simunayankhe bwanji? Sembe tinathyola chitseko kudala!"

Ba Hosea anayankha motsitsa mawu.

"Tsiku lija ndinamva zonse pachitseko. Mwana wanga anati ndili ku Malawi. Ndikanayankha, akanakhala wabodza pamaso panu."

 Ba Mutale anaphimba nkhope ndi chitenje. Marjory anagwada pambali pa bedi n'kugwira dzanja la bambo ake.

"Ba tate, nikhululukileni."

Iwo anachotsa dzanjalo pang'onopang'ono n'kuliika pachifuwa.

Ambulansi inafika dzuwa likupendeka. Anawakweza pa machira, dilipi atainyamula ba Mutale. Ba Ida anakwera n'kulandira envulopu ija. Marjory ataika phazi pa chitsulo chokwerera, bambo ake anayankhula, maso ali kudenga.

"Ida, ameneyo atsale. Ndikununkha kwambiri lero."

Dalaivala anatseka zitseko. Galimoto inatuluka pageti n'kukhotera kumsewu wa kutauni, anthu a pabenchi akumuyang'ana mtsikana wa diresi yokongola amene anatsala yekha pabwalo.

Sista Kasonde anatuluka akupukuta m'manja. Anaima pafupi naye, osamukhudza.

"Ine nakhala namanga vilonda zaka twente. Chilonda chija si cha masiku yatatu, ndipo ba Nigel balemba vamene baona. Koma va mankhwala sitingaone na maso. Madokotala ba kuja sibakuziba iwe, sibaziba na ba tate bako. Bazawelenga kalata ija, bazakhulupilila kuti munthu anamwa vonse mpaka dzana, ndiye bazapangila pamenepo vochita. Ba Nigel bali na nambala ya dokotala wamene azabalandila. Pa maminiti fote ambulansi izakhala yafika."

Atatero anabwerera mkati.

Foni ya Marjory inalira m'thumba. Unali uthenga wochokera kwa Exildah. Winawake anali atajambula chitseko chothyoka ndi wilibala ija, ndipo chithunzicho chinali chitafika kale kwa a m'kalasi onse. Pansi pake Karen anali atalemba kuti: "Ticha wa samu, kansi ba kachikwama sibanasokoneze nyumba?"

Marjory anazimitsa foni. Anayenda m'khonde la kiliniki mpaka pachitseko cha chipinda cha Lachinayi. Mkati munkamveka mawu a ba Nigel ndi anzawo akukambirana za fayelo ya bambo ake. Anagogoda.

Anatsegula ndi ba Mutale, maso ali ofiira. Kumbuyo kwawo onse anasiya kuyankhula n'kucheuka. Ba Nigel anali atagwira foni m'manja.

"Wabwela kutiuza chani manje?" anafunsa ba Mutale.